A Namakhwa, Amene Ankalawa Osameza

Chaka chakwana chimwalirireni a Namakhwa, koma mpaka pano Lachitatu likafika ndimadzidzimuka ngati ndachedwa basi ya ku Evington, kumene ankakhala. Lamulungu lapitali asisi Elube, mwana wawo, anachititsa mapemphero owakumbukira, ndipo anandipempha kuti ndinenepo mawu. Ndinaimirira nkunena zimene aliyense amanena: anali munthu waulemu, wokonda ana, wosunga nthawi. Anthu anavomera, ndinakhala pansi. Zimene ndinalephera kunena pamaso pa anthu ndi zimene ndikulemba pano. Kwa zaka ziwiri ine ndinkanama m'dzina la bambo amenewa, iwo akuganiza kuti ndikuwathandiza.

Koma ndiyambe ndi iwowo, chifukwa nkhaniyi si yanga.

Anali munthu wamfupi, wa mphuno yotambalala, wovala tayi ngakhale tsiku losapita kulikonse. Matenda a shuga anali atawadyera maso. Ankati amaona dziko ngati munthu woyang'ana m'madzi otsukira mpunga, zazikulu zikuoneka, zazing'ono zitasungunuka. Zaka makumi atatu anagwira ntchito yolawa tiyi pa esiteti ina ku Mulanje. Akamafotokoza ntchito imeneyi nkhope yawo inkafewa. Ankanena za makapu oyera atandandalikidwa pa tebulo lalitali, nthunzi ikukwera, chiperoni chikulowera pa zenera la fakitale, iwo akuyenda ndi supuni kuchoka pa kapu ina kupita pa ina, kukoka tiyi ndi mpweya, kumuzunguza m'kamwa, kulavula. Mawu awo amodzi ankakweza kapena kutsitsa masamba a phiri lonse. Mayi a kunyumba kwawo atamwalira, asisi Elube, amene ndi nesi kuno, anawaitana ku Leicester. Lilime lija linafika ku Mangalande lilibe ntchito.

Tiyi wa m'timatumba anamulawa kamodzi basi. Ankati limenelo ndi fumbi limene anyamata ankasesa pansi pa makina.

Vinyo anabwera mwangozi. Achibale a wodwala wina anapatsa asisi Elube botolo pa Khirisimasi, ndipo poti m'nyumbamo munalibe womwa, linangokhala pamwamba pa firiji. Tsiku lina, kusowa chochita kutawakwana, a Namakhwa analitsegula kuti angonunkhiza. Anandiuza kuti zinali ngati munthu wagogoda pa chitseko cha chipinda chimene anaiwala kuti chilimo m'mutu mwawo. Anatenga ndowa yaing'ono, nkulawa, nkulavula. Kuyambira pamenepo sabata iliyonse ankagulitsa botolo limodzi kwa asisi Elube. Ndalakwitsa, ndimati ankawatuma kukagula. Ndasiya momwemo chifukwa iwowo ankadana ndi munthu wofufuta zolakwa zake kuti aoneke wanzeru.

Sanamezepo dontho. Anali mkulu wa mpingo, ndipo zimenezi ankazisunga. Komabe mabotolo salankhula kuti amene anawatsegula anameza kapena ayi, ndipo ankaonekera bwinobwino m'matumba a zinyalala a olenji aja timaika panja. Mphekesera inayenda mumpingo wathu mwachangu. Anatumiza a Phiri, mkulu mnzawo wa ku Zambia, kuti akaone. Ine ndinalipo tsiku limenelo.

"Ba Namakhwa, ine nabwela chabe na funso imozi," anatero a Phiri, atakhala kumapeto kwa mpando. "Aya mabotolo panja ni ya ndani?"

"Ndi anga. Khalani pomwepo muone."

Anatsanulira pang'ono m'tambula, nkuizunguza, nkulowetsamo mphuno yonse. Kenako anakoka ndi phokoso lija, ngati mpopi wopanda madzi, masaya akuvina, maso atatseka. Ndiyeno thu, m'ndowa.

A Phiri anasuzumira m'ndowamo. "Manje imwe mugula kuti mutaye?"

"Ndimagula kuti ndidziwe."

"Mudziwe chani?"

"Kuti chaka chimenecho mvula inagwa bwanji kwa eni akewo. Kodi inu a Phiri, mukanunkhiza duwa mumalidya?"

"Duwa sichita kolola munthu, mudala."

"Ndiye mundinunkhize pakamwa mukauze mpingo."

A Phiri anawanunkhizadi, abale. Anabwerera nkukanena kuti bambowa saledzera, koma mutu wawo sakuumvetsa. Vinyo wotsala m'botolo ankapita kwa mzungu wokalamba wa nyumba yoyandikana nayo, amene ankawakonda a Namakhwa ndi chikondi chosabisa chifukwa chake.

Ine ndinalowamo chifukwa cha maso awo. Nthawi imeneyo ndinali nditangobereka Tadala, ndikukhala m'kanyumba ka ku Wigston, setifiketi yanga ya ku koleji ili m'sutikesi, bambo ake a mwana akugwira mashifiti osatha. Ndinkaopa chilichonse. Ndinkaopa kalata iliyonse yogwa pakhomo, ndinkaopa mayi woyeza ana sikelo, ndinkaopa kuti m'basi wina andifunsa funso ine nkuyankha molakwika. Asisi Elube anati ndizibwera Lachitatu lililonse, ndiziwachezetsa bambo, nanenso ndipeze potulukira. Anali atawalembetsa kale ku gulu lina la pa intaneti la anthu okonda vinyo, kumene aliyense amalemba zimene wapeza m'botolo nkuika malikisi pa 100. Chimene chinkasowa chinali munthu wolemba.

Malamulo anali ambiri. Kulawa kunkayamba 11 koloko m'mawa, chifukwa ankati nthawi imeneyo lilime ladzuka koma silinatope. Lachiwiri sankadya tsabola. Tsiku loyamba anandibweza pakhomo kuti ndikasambe m'manja ndi m'khosi.

"Make Tadala, mafuta mwadzolawo ndi abwino, koma lero akhale kunja. Muno tikufuna kumva mlendo mmodzi yekha."

Tinkakhala m'chipinda cha kuseri, chimene sichilowa dzuwa. Tadala ankagona kumsana kwanga. Iwo ankalawa, nkukhala chete nthawi yaitali, mpaka ine kumaganiza kuti agona. Kenako ankayamba kulankhula m'Chingerezi chawo cha ku fakitale, chosamala ngati kalata, ine ndikulemba pa tabuleti. Anzawo a m'gulumo ankayerekeza vinyo ndi zipatso za kuno, zimene a Namakhwa ankati sanakule nazo ndipo sangazinamizire. Iwo ankanena za masuku ogwa okha usiku wa mphepo, bwemba wosungidwa m'nsengwa, thabwa la mkungudza longopalidwa kumene, nthochi yosapsa imene imamanga lilime. Mawu amenewa ankati ndizilemba m'Chichewa momwemo, wofuna kudziwa afunse. Ndinkalemba, ndipo nthawi zina chipinda chija chinkachoka ku Evington. Mvula ya pa zenera inkasanduka ina. Ndinkapezeka ndaima pansi pa mtengo wa masuku umene sindinauonepo, kudera limene si kwathu nkomwe, poti ine ndine wa ku Ntcheu.

Pomaliza ankatchula malikisi. Apa ndi pamene panali vuto.

A Namakhwa ankachonga vinyo ngati mmene aphunzitsi ankachongera mayeso kwathu. 50 ndi kukhoza. 60 ndi mwana wanzeru. 70 ndi uja mudzi wonse umamudziwa dzina. Za 90 ankati zimenezo tikazilawa kumwamba. Sankadziwa, ndipo inenso poyamba sindinkadziwa, kuti ku gulu kuja anthu amayambira pa 80. Kumeneko 85 ndi vinyo wamba, ndipo kupatsa vinyo 60 kuli ngati kunena kuti wakudwalitsa.

Botolo loyamba linali la ku France. Analikonda. Analankhula zabwino zokhazokha, nkupereka 58. Ndinatumiza. Pofika pa basi, foni yanga inali ikunjenjemera m'thumba. Wina anafunsa ngati tiyi anawawotcha lilime. Wina anati anthu osadziwa kanthu asamaloledwe kuononga mbiri ya mabotolo abwino. Wina anangofunsa kuti masuku ndi matenda anji. Ndinawerenga zonse, nkhope ikutentha, ngati basi yonse ikuwerenga nane. Ndinaganiza za bambo aja ndi tayi yawo, akudikira Lachitatu kuti amve zimene akatswiri anzawo anena. Basi isanafike ku Wigston ndinali nditasintha 58 kukhala 83, nkulemba kuti chala chinaterera.

Phokoso linatha nthawi yomweyo. Sabata yotsatira ndinawawerengera mayankho abwino okhaokha. Ndipo botolo lililonse pambuyo pake ndinkaliwonjezera 25. Ndinkadziuza kuti sikunama, ndikungomasulira. Koma womasulira amauza mwini mawu kuti akumasulira. Ine sindinawauze.

Anthu anayamba kuwakonda. Ankawatchula mdala wa tiyi. Mayi wina wa ku Derby anafufuza zithunzi za masuku nkuziika pa gulupo. Bambo wina, amene sindikudziwa kuti anali dziko liti, ankadikira Lachitatu kuti afunse tanthauzo la mawu atsopano. A Namakhwa ankamvetsera ndikuwerenga, manja ali pa mawondo, akugwedeza mutu.

"Mwaona, make Tadala? Azunguwa ndinkawaganizira molakwika. Munthu ukamupatsa 55 sakwiya. Ndi anthu okhwima."

Ine nkumati, "Eya, bambo." Usiku umenewo nkulephera kudya.

Chimene chinaulula zonse chinali vinyo wa konkuno. Asisi Elube anamugula pa msika wa alimi, vinyo woyera wochokera ku kamunda kena ka mphesa kumidzi ya kummwera kwa Leicester. A Namakhwa anaseka atamva kuti dziko lozizira chonchi limabala mphesa. Atalawa anasiya kuseka. Anati muli m'mawa wa chiperoni, muli masuku, ndipo kumapeto muli chinanazi chodulidwa kutatsala sabata imodzi kuti chipse. Anati amene anapanga vinyoyu ali ndi dzanja labwino koma ndi wamantha, anaopa mvula nkuthyola msanga, ndipo chaka chamawa adikire. Anapereka 67. M'chaka chonsecho vinyo mmodzi yekha ndi amene anaposa pamenepo.

Ine ndinalemba 92.

Patapita miyezi, mwini munda uja, mayi Pamela, analemba kalata kudzera pa gulupo kupempha kuti mdala wa tiyi akaone mipesa yake. Ndinayesa kuibisa kalatayo, koma asisi Elube anali ataiona kale. Unali mwezi wa Okutobala, kutatha chilimwe chotentha chija cha 2018 chimene chinaumitsa kapinga mpaka mapaki kuoneka ngati kwathu. A Namakhwa anasititsa suti yawo ya bulawuni. Ine ndinadzitonthoza kuti maso awo sawerenga, ndipo azungu sakonda kutchula manambala pocheza.

Ulendowo ndimaukumbukira ngati loto. Asisi Elube ankayendetsa. Nkhungu inali itagona m'zigwa, nkhosa zikuoneka misana yokha. Msewu unachepa mpaka masamba kumakhudza galimoto mbali zonse. A Namakhwa anatsitsa galasi, nkutulutsa mphuno panja ngati mwana, akutchula zimene akumva: utsi wa nkhuni zonyowa, manyowa a ng'ombe, maapozi owola. Kenako phiri laling'ono linatseguka, mizere ya mipesa ikutsika, masamba achikasu, ndipo mayi wina wamtali wa nsapato zamatope ankathamangira galimoto yathu.

Anawagwira a Namakhwa manja onse awiri. Anatitsogolera ku kanyumba ka matabwa kumene amagulitsira vinyo wake. Pa zenera la kanyumbako anali atamatapo pepala lalikulu. Mawu a a Namakhwa anali m'munsi, masuku ndi chiperoni momwemo. Pamwamba pake panali 92, nambala iliyonse yaikulu ngati chikhatho.

Zazikulu ankaziona.

Anaima. Anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi. Mayi Pamela ankalankhula mosalekeza, m'Chingerezi chothamanga. Ankati nambala imeneyi inabweretsa magalimoto pakhomo pake, ndipo shopu ina ya m'tauni inayamba kutenga mabotolo ake. Ankati chaka chatha anali ataganiza zozula mipesa yonse nkugulitsa malowo. Kenako analoza kumunda.

"Taonani, bambo. Anzanga onse anathyola kale. Zanga zikadali m'mitengo. Ndadikira monga munanenera. Munthu akakupatsa 92 kenako nkukuuza kuti ndiwe wamantha, umamumvera."

A Namakhwa sanatembenuke. Anafunsa m'Chichewa, motsitsa mawu, ngati akufunsa nthawi.

"Make Tadala, vinyo uyu ndinamupatsa zingati?"

"67, bambo."

"Nanga apa palembedwa zingati?"

"92."

"Ndi uyu yekha?"

"Onse, bambo. Kuyambira woyamba."

Asisi Elube anatiyang'ana tonse awiri osamvetsa. Mayi Pamela anamwetulira, akuganiza kuti tikuyamikira pepalalo. Ine ndinadikira kuti andiyalutse pomwepo, ndipo kunena zoona ndinkafuna atatero, zithe. Koma anawongola tayi, nkupempha mayiyo kuti awatengere kumunda. Anayenda mzere wonse atagwira mkono wake. Anathyola mphesa imodzi, nkuitafuna pang'onopang'ono, nkulavula khungu m'dzanja. Anamuuza kuti adikire masiku ena anayi, osapitirira. Potsazikana mayiyo anawapatsa botolo lina la vinyo yemwe uja.

M'galimoto sanatsitsenso galasi. Potsika anangoti, "Lachitatu, nthawi yomweyo."

Masiku anayi amenewo sindinali munthu. Ndinaika mkaka mu kabati, makiyi mu firiji. Chimene ndinkaopa sichinali kukalipiridwa. Ndinkaopa kuti chitseko chija chitsekedwa mwaulemu, kuti andithokoza chifukwa cha thandizo langa nkundiuza kuti asisi Elube apeza wina. M'dziko lonseli munali chipinda chimodzi chokha chimene ndinkapumiramo bwino, ndipo ndinali nditachidetsa ndekha.

Lachitatu pa tebulo panalibe botolo. Anandiuza kuti ndifotokoze. Ndinafotokoza za 58, za basi, za mmene anthu a pa gulupo amawerengera. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye kuti kumeneko aliyense amakhoza?"

"Pafupifupi aliyense, bambo."

"Sukulu yabwino," anatero. Sanaseke. "Mukanandiuza, mwina ndikanaphunzira kuwerenga kwawoko, mwina ndikanakana. Koma ndikanasankha ndine. Inu munandisandutsa chidole, make Tadala. Zaka ziwiri ndakhala pano ndikuwatama anthu kuti ndi okhwima, inu mukuvomera. Maso ndilibe. Ndinali ndi lilime ndi inuyo basi."

Ndinalira, Tadala naye nkuyamba. Anadikira kuti tonse titonthole.

"Tsegulani chinthu chanucho. Mundiwerengere zonse zimene munadumpha. Muyambire kwa uja wa tsiku loyamba."

Ndinawerenga. Nditafika pa uja wofunsa ngati tiyi anawawotcha lilime, a Namakhwa anaphulika kuseka mpaka kutsokomola.

"Zimenezi ndi zimene munandibisira? Mwana wanga, ine ndinatukwanidwapo ndi mamanejala atatu tsiku limodzi chifukwa chokana tiyi wa bwana wamkulu. Kamnyamata aka kakungoyasamula."

Tsiku lomwelo anandilembetsa uthenga wopita ku gulu lonse. Anafotokoza mmene amachongera, kuti kwa iwo 50 ndi kukhoza, ndiponso kuti mlembi wawo, powaopera manyazi, ankawonjezera 25 iwo osadziwa. Dzina langa anakana kulitchula. Anati malikisi onse abwezeretsedwa mmene anawanenera. Pa gulupo panabuka mkangano umene unatenga masabata. Ena anakwiya kuti anagula mabotolo potsatira manambala abodza. Ena anati iwo manambalawo sankawayang'ana nkomwe, ankabwerera masuku ndi mkungudza. Mayi wa ku Derby uja anafunsa kuti ngati 92 wa munthu wina ndi 67 wa munthu wina ali vinyo yemweyo, ndiye kuti onsewo akhala akukanganirana chiyani zaka zonsezi. Palibe anamuyankha zomveka. Ndinawawerengera zonse, zokoma ndi zowawa, osadumpha mzere. Iwo sanayankhe aliyense.

Kubwezeretsako kunatitengera Malachitatu atatu. Ine ndinkatchula botolo, iwo ankatchula malikisi ake enieni pamtima, ine nkuchotsa 25 kuona ngati zikugwirizana. Sanaphonye ngakhale limodzi. Koma ankafooka ndikuona. Impso zinali zitayamba kuvuta, mankhwala atachuluka, kolala ya shati itayamba kutalikirana ndi khosi. Sankandilankhula zambiri. Ulemu unalipo wonse, koma nthabwala zinali zitachoka, ndipo sindinkadziwa ngati ndakhululukidwa kapena ndikungomalizitsa ntchito.

Vinyo wa mayi Pamela anamusiya komalizira. Titafika pamenepo ndinaika chala pa nambala ija nkudikira.

"Imani kaye," anatero. "Ameneyu pali munthu kuseri kwake. Ndikatsitsa, nditsitse nditalawanso. Tengani botolo anatipatsa lija."

Ndinatsanulira. Anazunguza tambula, nkununkhiza, nkulawa, nkulavula. Analawanso. Kachitatu vinyo anadonthera pa tayi. Anaika tambula pansi pang'onopang'ono.

"Palibe," anatero. "M'kamwa muli ngati ndayamwa kiyi. Mphuno nayo yatseka zitseko."

Kunja kunkagwa kamvula kosamveka. Kwa nthawi yoyamba sindinayese kupeka chowatonthoza nacho.

Anakankhira tambula ija kwa ine. "Lawani inuyo."

"Ine, bambo? Sindinalawepo chibadwire. Ndilakwitsa."

"Mulakwitsa bwanji? M'kamwa mwanumo muli munthu wina? Kokani ndi mpweya. Osameza, a Phiri angatimve."

Ndinakoka, nkutsamwa, nkulavula theka m'ndowa theka pa chibwano. Anandipatsa kansalu kawo koyera. Anati ndiyesenso, ndipo nditseke maso, ndisiye kuganiza zimene iwo akufuna kumva. Ndinayesanso. Poyamba kunali kuwawasa basi. Kenako, chapatali, kunabwera chinthu.

"Ndimu," ndinatero. "Amene amayi ankafinyira m'madzi ofunda ndikadwala chimfine. Ndiponso khonde longokolopedwa kumene, simenti ikadali yonyowa."

"Masuku mulibe?"

Ndinafuna kuvomera. Mawu anali atafika kale pa milomo. "Ine sindikuwamva, bambo."

Anagwedeza mutu, ndipo ndinaona kamwetulira kamene ndinali ndisanakaone chichokereni kumunda kuja. "Chabwino. Malikisi?"

"Sindikudziwa."

"Mwatsimikiza?"

"Sindikudziwa, bambo. Sindingathe kutchula nambala."

"Ndiye lembani zomwezo, mlembi wanga. 92 ndi bodza lanu. 67 ndi ya munthu amene lilime lake lapita, sangaiteteze. Fufutani, musiye popanda kanthu. Mawu akhale. Ndipo mayi uja mumuimbire nokha, asamve kwa anthu."

Ndinaimba iwo ali pomwepo. Ndinafotokoza zonse m'Chingerezi chopunthwa. Mayi Pamela anamvetsera zonse. Kenako anafunsa kuti 67 kwa bambowa imatanthauza chiyani. Ndinati ndi wachiwiri pa vinyo yense amene analawa chaka chimenecho. Ndinamumva akupuma. Anati ndiwauze kuti anadikira masiku anayi aja, ndipo mvula inagwa tsiku lachisanu.

Nditawauza, a Namakhwa anawomba m'manja kamodzi. Pondiperekeza pakhomo, chinthu chimene sankachita, anagwira kaphazi ka Tadala nkunena kuti Lachitatu ndibwerebe ngakhale kulibe cholawa, ndidzawawerengere mikangano ya azungu. Ndinapitako Malachitatu awiri. Lachitatu linalo anali ali m'chipatala, ndipo Loweruka lake anatisiya.

Mwezi wathawu asisi Elube ananditengeranso kumunda kuja. Mphesa zinali zitathyoledwa kale, mipesa itayamba kuvula. Mayi Pamela anatipatsa vinyo wa chaka chodikira chija kuti tinunkhize, ndipo anafunsa ngati ndikuganiza kuti bambo akanamukonda. Ndinati sindikudziwa. Sindinamufunse ngati magalimoto anachepa pakhomo pake. Yankho lake ndinaliopa, ndipo ndikuliopabe.

Pepala lija likadali pa zenera la kanyumba ka matabwa. Dzuwa laliyeretsa, m'makona mwapindika. Mawu onse alipo, mpaka aja onena kuti wopanga vinyoyu ndi wamantha. Koma pamwamba, pamene panali nambala, mayiyo anadulapo ndi sizasi, mosawongoka bwino, nkusiya bowo lalikulu ngati zikhatho ziwiri. Ndinalowa m'kanyumbamo nkuima kuseri kwake. Ukayang'anira pa bowolo umaona mizere itatu ya mipesa ikutsikira kuchigwa, waya wonyowa, ndi nkhungu ikubwera pang'onopang'ono kudzaphimba mzere wa kumunsi, kenako wapakati. Ndinaima pomwepo mpaka wachitatu nawo unalowa.